Kakalata kamene ndinalowetsa kunsi kwa chitseko

Mpaka lero ndimadzidzimukabe 4 koloko m'bandakucha. Alamu imakhala isanalire, kunja kuli bii, koma maso amangotseguka okha n'kuyang'ana kudenga. Ndimakhala ndikudikira phokoso limene linasiya kumveka kalekale, ndipo amene analisiyitsa ndine.

Linali phokoso la mpando. Khwee, kenako duu. Khwee, kenako duu. Linkayambira cha pamwamba pa bedi langa, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera kubafa, n'kukhala zii kwa mphindi zingapo, n'kubwereranso momwemo. Ndinalimva tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri zathunthu, ndipo m'zaka ziwiri zimenezo sindinakwereko masitepe 16 amene ankalekanitsa khomo langa ndi khomo la mwini phokosolo.

Kumene basi imatembenukira

Ndimakhala m'dera la mafulati okhaokha, kumapeto kwenikweni kwa mzinda, pamene basi imatsitsa munthu womaliza n'kutembenuka. Pali midadada 14, uliwonse wa nsanjika 9, utoto umodzi, mawindo ofanana, makomo olowera ofanana. Mlendo akabwera koyamba amaimba foni kuti, “Ndafika, ndili pansi pa nyumba yanu,” iwe ukasuzumira pakhonde osaona munthu. Amakhala ataima pamdadada wina, akukweza maso kukhonde la eni ake.

Chimene chinandibweretsa kuno ndi chomwe chinabweretsa pafupifupi aliyense: lendi ya m'kati mwa mzinda inandikana. Malo ano sindikuwanyoza ayi. Kuli kamphepo kabwino, dzuwa limalowa m'chipinda m'mawa wonse, ndipo usiku ukaima pakhonde magetsi a mumzinda amaoneka cha uko ngati makala a moto amene wina wamwaza. Ana amasewera pabwalo la pakati pa midadada mpaka mdima, mawu awo n'kumakwera mpaka pamwamba. Koma chimene sunalipire ndi ndalama umachilipira ndi nthawi. Ulendo wanga wa kuntchito umatenga ola ndi mphindi 20 msewu ukakhala wabwino, pobwera chimodzimodzi. Wasayansi wina wa ku Italy, Cesare Marchetti, analemba mu 1994 kuti kuyambira makedzana anthu amathera pafupifupi ola limodzi patsiku paulendo wopita ndi kubwera, kaya wapansi kaya pagalimoto, ndipo mizinda imakula molingana ndi mtunda umene munthu angayende m'nthawi imeneyo. Ife a kuno tinatuluka m'ola limenelo. Tsiku lililonse timabwereka nthawi ina yoposa ola ndi theka, ndipo kobwereka kwake n'kutulo basi.

Ndiye m'mawa dera lonse limakhuthukira kusiteji nthawi imodzi, madzulo n'kubwerera lili lefu. Masana kumatsala makanda, owalera, ndi okalamba. Anthu amati a m'mafulati ndi onyada, sapereka moni. Ine ndaona kuti ambiri amafika pakhomo atatheratu, chimene akufuna n'kutseka chitseko n'kuvula nsapato.

Madera ngati lathuli ali paliponse padziko, ndipo kubadwa kwake n'kumodzi: anthu achuluka mumzinda, nyumba zachepa, malo otchipa ali kunja. Ku Soviet Union, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anamanga midadada yosawerengeka ya nsanjika 5 ndi makoma oumbiratu kufakitale, ndipo ankalekezera pa 5 kuti pasafunike chikepe. Dziko la Sweden linamanga nyumba 1 miliyoni pakati pa 1965 ndi 1974, pamene anthu m'dziko lonselo anali pafupifupi 8 miliyoni. Mabanja amene ankapanikizana m'kachipinda kamodzi anapeza bafa lawolawo ndi chitseko chokhoma okha, ndipo chimenecho si chinthu chochepa. Koma ku France, m'dera la Sarcelles kumpoto kwa Paris, atolankhani a m'ma 1960 anachita kupeka dzina la nthenda, sarcellite, pofotokoza kusungulumwa kwa amayi amene ankatsala m'midadada tsiku lonse amuna awo atapita kuntchito kutali. Nditawerenga zimenezo ndinadzimvera chisoni ndekha, kuti wosungulumwayo ndine. Za munthu amene ankatsala pamwamba panga kuyambira m'mawa mpaka usiku sindinaganizeko n'komwe.

Konkire sasunga chinsinsi

M'fulati, denga lako ndi poponda mnzako. Mawu a pakamwa ndi a wailesi khoma lokhuthala limawatchinga ndithu. Koma chinthu chikagunda kapena kukwecha simenti yeniyeniyo, phokosolo limalowa m'thupi la nyumba n'kuyenda momwemo. Mumpweya phokoso limathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi. M'konkire limathamanga kuwirikiza pafupifupi ka 10, ndipo m'paipi yachitsulo kuposa pamenepo, osafooka msanga. N'chifukwa chake amisiri osamala amayala chinthu chofewa, monga labala, pakati pa silabu ndi matailosi. M'mdadada wathu sanayale. Kiyi akagwa pansanjika ya 7, a pa 6 timamumva ngati wagwera pamtsamiro.

Choncho anansi anga ndinkawadziwa ndi makutu. Kumanja kunali bambo wotsokomola katatu akamalowa m'bafa. Kumanzere kunali banja limene likayamba kukangana, mkazi ankatsegula mpope mwamphamvu kuti ana asamve. Pansi panali mnyamata wophunzira gitala amene anakakamira pamalo amodzi a nyimbo kwa miyezi itatu. Tsiku limene anadutsapo bwinobwino ndinasangalala ndekhandekha m'khitchini ngati ndi mng'ono wanga. Koma onsewa ndikanakumana nawo m'chikepe sindikanawazindikira. Ola limene munthu amagona ukulidziwa, dzina lake osalidziwa.

Wa pamwamba ndinachita kumuumba ndekha m'mutu. Ndinkati ndi mwamuna wa mphamvu zake, wosalabadira za anzake, mwina wogwira ntchito ya usiku amene akafika amangokhwekhwereza mipando poti iye tulo alibe. Ndinamupatsa msinkhu, ndinamupatsa nkhope, ndinamupatsa ndi mwano womwe. Zaka ziwiri ndinakangana naye mumtima, ndipo mikangano yonseyo ndinkapambana ndine.

Ziganizo zisanu

Nthawi ina kuntchito kunali kotentha, ndipo masiku atatu otsatizana ndinafika pakhomo 9 koloko itadutsa. Lachiwiri m'bandakucha, khwee uja anayamba. Ine ndimadzuka 5:15, ndipo amene amadzuka nthawi imeneyo akudziwa kukoma kwa tulo ta pakati pa 4 ndi 5. Ndinadzuka mtima uli phuphu, n'kung'amba pepala m'kope, n'kulemba nditaimirira. Mawu ake ndimawakumbukira onse:

“Kwa okhala m'nyumba muno. Phokoso la mpando umene mumakoka 4 koloko m'mawa likutisowetsa tulo. M'mdadada muno simukhala nokha. Chonde muziganizirako anzanu. Zikapitirira tikadandaula kwa oyang'anira nyumba.”

Dzina sindinalembe. Ndinalemba kuti “likutisowetsa,” “tikadandaula,” ngati tilipo khamu, chonsecho ndinali ndekha. Ndinakwera masitepe aja koyamba, monyang'ama, n'kulowetsa kapepalako kunsi kwa chitseko. Pakhomopo panali kachopondera kosesedwa bwino, ndipo pambali pake panali nsapato zansalu zazing'ono, zoikidwa moyandikana, zidendene zitapindikira m'kati. Ndinaziona ndithu. Munthu amene ndinamuumba m'mutu uja phazi lake silikanalowamo, koma ndinali ndi mkwiyo wanga woti ndiusamale, ndiye ndinatsika.

M'mawa mwake kunali zii. Ndinagona mpaka alamu. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ndinauza mnzanga kuntchito kuti anthu amangofunika kuwauza, ndipo iye anavomereza. Masiku 9 ndinagona tulo tokoma.

Katatu, n'kupuma, katatu

Lachisanu la sabata yotsatira, cha m'ma 4 momwemo, ndinamva khu! kudenga, kamodzi kokha, kolemera. Ndinatembenuka n'kufunda. Nditadzuka, ndili m'bafa, ndinamva ngo ngo ngo m'paipi imene imatsika m'ngodya kuchokera pamwamba. Mapaipi a m'midadada amalira kawirikawiri, makamaka mpweya ukalowamo kapena wina akatseka mpope mwadzidzidzi, ndiye ndinati ndi zomwezo. Basi yanga inali pafupi kunyamuka. Ndinakhoma chitseko n'kupita.

Ndinabwerera 7:30 madzulo. Ndikusamba m'manja, ndinamvanso. Ulendo uno kunali kofooka, koma kunali ndi dongosolo: katatu, n'kupuma, katatu. Mpweya wa m'paipi suwerenga. Ndinatseka mpope n'kuima chilili. Kenako ndinatenga kiyi wa pakhomo n'kumenya paipiyo katatu.

Yankho linabwera nthawi yomweyo, ngo ngo ngo ngo ngo, mofulumira, mosalekeza, ngati munthu amene wakhala akukuwa m'thengo tsiku lonse ndipo tsopano wamva mawu.

Masitepe aja sindikumbukira kuti ndinawakwera bwanji. Ndinamenya chitseko ndi chikhatho. “Odi! Odi kuno! Muli bwino m'nyumbamo?” Ndinatsamiritsa khutu pathabwa. Patapita kanthawi kunamveka kamawu kakang'ono, kosasa, kochokera pansi penipeni.

“Ndagwa, mwanangu.”

Mawu a mayi wokalamba.

Chitseko chinali chokhoma. Foni ya oyang'anira nyumba inkangoitana osayankhidwa. Ndinazindikira kuti m'nyumba ya mabanja oposa 30 ndinalibe nambala ya munthu ndi mmodzi yemwe. Ndinathamangira pansi, kukhomo lokhalo limene ndinkaona lili lotsegula kawirikawiri, la mayi amene aliyense amangowatchula kuti amake mapasa, patsinde penipeni pa masitepe.

“Mayi, pa 7, khomo la pakati, kuli munthu wagwa.”

“Agogo? Mayo ine!” Anasiya zimene ankachita, n'kutola foni ndi bulangete. Tikukwera anandiuza zonse zimene sindinazidziwe kwa zaka ziwiri: agogowo anali ndi zaka 81, ankasoka zovala pa nthawi yawo, amuna awo anamwalira kale, mwana wawo wamkazi amakhala tsidya lina la mzinda, ndipo kiyi wapadera anali kwa iyeyo, ulendo wa maola awiri. Pansanjika ya 6 anagogoda khomo la kumanja kwanga. “Achimwene, tatengani chitsulo chilichonse, bwerani msanga!” Kunatuluka bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo, atanyamula chitsulo chochotsera matayala. Tili pamasitepe anatsokomola katatu, ndipo ndinamudziwa.

Loko anathyoka pa ulendo wachitatu.

Choyamba kuona chinali mpando. Unali utagwa cham'mbali pakanjira kopita kubafa, mpando wathabwa, wakale, wa msana wautali. Miyendo yake yonse inayi inali itavekedwa masokosi akale, osokeredwa bwinobwino ndi ulusi wakuda kuti asavuke, msoko wake wowongoka ngati wa makina. Ndinauyang'ana, ndipo zonse zinandifikira nthawi imodzi. Mpando uja unali ndodo yawo. Ankaugwira kumsana n'kuukankha pang'ono, khwee, n'kuponda, duu. Thabwa lopanda kanthu linkaluma matailosi n'kuwagwira. Masokosi ankaterereka. Masiku 9 anakwanitsa, tsiku la 10 mpando unawathawa m'manja.

Agogo anali gone pakhomo la bafa, pa matailosi ozizira, atavala chovala chogonera chopyapyala. Mwendo wakumanzere unali utatembenukira kunja ndipo unkaoneka wofupika. Milomo inali gwa, yong'aluka. M'dzanja anali atafumbata kakapu kachitsulo kosungiramo mswachi, kamene ankamenyera paipi kuyambira m'bandakucha, maola oposa 15. Ine ndinawerama kuti ndiwadzutse, koma amake mapasa anandigwira mkono. “Ayi, musawanyamule. Chiuno chimenecho. Afunditseni kaye.” Anawafunditsa, n'kunyowetsa kansalu n'kumawapukuta milomo, akuwalankhula motsitsa ngati akutonthoza khanda.

Agogo anatiyang'ana mmodzimmodzi, ife alendo atatu amene tathyola chitseko chawo, n'kunena kuti, “Pepani ana anga, ndakusokonezani.”

Ndinatuluka m'bafamo kuti ndikaimbe foni yoitana ambulansi, ndipo pakatebulo ka pafupi ndi bedi ndinaona kapepala kanga, kowongoledwa bwino, kopsinjidwa ndi chikwama cha magalasi.

Masitepe 112

Ambulansi inafika m'dera lathu msanga ndithu, koma inazungulira kwa mphindi zambiri. Manambala a midadada anafufutika ndi dzuwa kalekale, ndipo usiku yonse imaoneka ngati umodzi. Mnyamata wina wa pansanjika ya 5 anathamangira kumsewu n'kumagwedeza tochi ya foni mpaka anationa. Nsonga za zala zake zakumanzere zinali ndi zikang'a. Anali wa gitala uja.

Chikepe chinali chitafa kwa masabata asanu, pachitseko chake atamatapo kapepala koti chikukonzedwa. Ndiye agogo anatsika pa machira, masitepe 112, anthu asanu ndi mmodzi titagwira. Pokhotera paliponse panali popanikiza, moti tinkachita kukweza machirawo pamwamba pa chitsulo chogwirira, agogo akubuula motsitsa ngati akuopabe kusokosera. Nsanjika iliyonse zitseko zinkatseguka. Ena ankayatsa matochi, ena ankachotsa njinga za ana panjira, mayi wina anangoima atagwira pakamwa. Zaka ziwiri ndinkamva anthu amenewa, ndipo usiku umenewo ndi pamene ndinawaona.

Tili cha pansanjika ya 3 manja akuphwanya, ndinawerengera mumtima. Kwa ine chikepe chakufacho chinali chongotopetsa, chodandaula pokwera ndi katundu. Kwa munthu woyenda ndi mpando, masabata asanu amenewo anali masabata asanu osaponda pansi, osaona bwalo, osakumana ndi munthu. Ndipo m'kati mwa masabata amenewo, chinthu chokhacho chimene chinalowa pakhomo pawo kuchokera kwa anansi chinali kakalata kanga.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Mmodzi wa anthu a ambulansi anandiuza pansi paja kuti chimene amaopa kwambiri n'kukhalitsa pansi: munthu akagona pamalo olimba kupitirira ola limodzi osatha kudzuka, thupi limazizira, madzi amatha, minofu yopsinjika imawonongeka mpaka kuvulaza impso. Anafunsa kuti agwa nthawi yanji. Ndinati 4 koloko m'mawa. Anafunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinati ndinamva.

“Mukanangogogoda”

Ndinapita kuchipatala Lamlungu, opaleshoni itachitika. Mwana wawo anali pambali pa bedi, mayi wamkulu ndithu, maso ali psuu. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma nditafika anabalalika onse.

“Agogo, kakalata kaja ndinalemba ndine.”

Sanadabwe. “Ndinadziwa, mwanangu. Amene amagona pansi pa bedi langa ndi ndaninso?” Anapuma pang'ono. “Inu mumadzuka 5 koloko itangopitirira. Mumatsegula mpope kawiri. Loweruka mumachapa, ndipo pochapapo mumaimba, koma nyimbo simuimaliza.” Anamwetulira. “Madzulo ndikamva chitseko chanu chatsekeka ndimati, mwana uja wafika bwino, ndiye ndimazimitsa nyale.”

Paipi imene inkatsitsa phokoso lawo inkakwezanso langa. Zaka ziwiri panali munthu amene sankagona ndisanafike.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanagulire ndodo kapena choyendera cha kuchipatala. Anati mpandowo unali wa amuna awo, ndipo dzanja linauzolowera. Mwana wawo, amene anali chete nthawi yonseyi, analankhula osandiyang'ana: “Za kalatayo sanandiuze. Ndaiona dzulo pokatenga zovala. Ankaopa mzere womalizawo. Ankati oyang'anira akamva kuti akusokosera, awatulutsa, kapena ine ndiwachotsa n'kukawasunga kwanga.” Sanakweze mawu, ndipo sanawonjezere china. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinapepesa, mawu ochepa, osakwanira. Agogo anatulutsa dzanja m'bulangete n'kugwira langa. Linali lopepuka ngati tsamba louma.

“Mukanangogogoda, mwanangu. Ndikanakuonetsani mpandowo. Tikanaona chochita.”

Anzanga ena anditonthoza kuti munthu wa zaka 81 akanatha kugwa tsiku lina lililonse, kuti tulo ndi ufulu wa aliyense, kuti wolakwa ndi amene anamanga nyumba yopanda chotchinga phokoso ndi amene anasiya chikepe chakufa. Zonsezo ndi zoona, ndipo ndimazivomera. Kudandaula za phokoso si tchimo. Koma ine ndikudziwa chimene chinandichititsa kulemba m'malo mogogoda. Pepala silikuyankha. Silikuonetsa nkhope imene ingakusungunule mkwiyo. Ndinkafuna chete popanda kukumana ndi munthu, ndipo nyumba zathuzi zinamangidwa mwanjira yoti zimenezo n'zotheka.

Khomo la patsinde pa masitepe

Funso limene linandizunguza pambuyo pake linali lakuti, amake mapasa ankadziwa bwanji zonsezi, ife ena tili mbuu? Mtima wawo wabwino ulipo, koma palinso china. Mu 1950 akatswiri atatu a za maganizo, Leon Festinger, Stanley Schachter ndi Kurt Back, anafalitsa zimene anapeza m'mafulati a mabanja a ophunzira pa yunivesite ya MIT ku America. Anaona kuti ubwenzi unkatsata kamangidwe ka nyumba: anthu ankagwirizana kwambiri ndi a khomo loyandikana nalo kuposa a kumapeto kwa khonde, ndipo amene makomo awo anali patsinde pa masitepe anali ndi anzawo ambiri a pamwamba kuposa ena onse a pansi, chifukwa aliyense wokwera ndi wotsika ankadutsa pamaso pawo. Amake mapasa ankaona agogo akupumira pakhomo pawo chikepe chisanafe, n'kuwapatsa pokhala, n'kucheza nawo. Ife a pamwamba timachoka m'chikepe n'kulowa m'nyumba, mapazi asanu okha. Omanga amawerengera zitseko, mawindo ndi malo oimika magalimoto, ndipo ndikanakonda akanamawerengeranso malo amene anthu awiri angaime n'kulankhulana osatsekereza njira. M'mdadada wathu malo otero ndi amodzi okha, ndipo anapangika mwangozi.

Zina tinakonza. Tinalemba kalata, ulendo uno ya mayina ndi manambala a makomo, ndipo chikepe chinakonzedwa. Bambo wa chifuwa uja ndi mnyamata wa gitala anapenta nambala yaikulu pakhoma loyang'ana kumsewu. Amake mapasa ali ndi kabuku ka anthu okhala okha ndi manambala a abale awo, ndipo makiyi anayi apadera amapachikidwa kuseri kwa chitseko chawo. Mmodzi ndi wanga. Sitinasanduke banja limodzi ayi. Za zinyalala timakanganabe, za poimika magalimoto ndiye osanena, ndipo mabanja angapo anakana kupereka nambala, zimene ndi ufulu wawo. Ambiri timafikabe titatopa.

Agogo sanabwererenso. Madokotala anati nsanjika ya 7 siwayeneranso, chikepe chikhalepo chisakhalepo, ndipo mwana wawo anawatenga, chinthu chomwe ankachiopa chija. Tsiku losamutsa katundu ndinapempha kuti mpando ndinyamule ndine. Masokosi anali atachotsedwa. Miyendo iwiri yakutsogolo inali yodyeka mopendekeka, ndipo pathabwa lapamwamba la kumsana panali malo awiri osalala, oderapo, pamene zikhatho zinkagwira. Ndinaika manja anga pomwepo. Anali aakulu kuposa malowo.

Khomo lomwe lija

Patatha miyezi iwiri munalowa banja latsopano, la mwana wongoyamba kuyenda. Mwanayo ali ndi kanthu kena ka mateyala kamene amakakankha kuchoka kukhitchini mpaka kuchipinda, gudugudu, nthawi zina mpaka 11 koloko usiku. Ndinapirira masiku anayi. Lachisanu lake ndinavala nsapato, n'kukwera masitepe 16, n'kugogoda.

Anatsegula bambo wachinyamata, tcheni cha chitseko osachotsa, nkhope itakonzekera kale mkangano. Kumbuyo kwake ndinaona pakanjira paja, tsopano pali mbwee zidole.

“Pepani achimwene, ndine wa pansi panu, khomo la pakati pa 6. Ndabwera ndi zinthu ziwiri.” Ndinawauza dzina langa ndi nthawi imene ndimadzuka, n'kupempha kuti ikakwana 10 kagalimotoko kazipuma. Anagwedeza mutu, mapewa n'kutsikako pang'ono.

“Nanga chachiwiri?”

“Paipi ya m'ngodya ya bafa lanu imadutsa kwanga. Mukadzavutika usiku, foni ili kutali, mudzaimenye katatu. Ndimamva.”

Anandiyang'ana kwa kanthawi, osadziwa kuti ayankhe chiyani. Kenako anakankha chitseko pang'ono, n'kuchotsa tcheni, n'kuitana mkazi wake kuti adzandione. Mwana uja anatulukira pakati pa miyendo ya bambo ake, akukankha kabokosi kapulasitiki ka mateyala atatu, lachinayi litachoka.